Mapapaya Pakati pa Mango

Funso: Ndabzala mango olumikiza kumunda kwanga ku Mitundu. Kodi ndingabzale mapapaya pakati pake?

Yankho: Bzalani ndithu, bambo. Mango olumikiza amatenga zaka zitatu kapena zinayi asanayambe kubereka, pomwe papaya pakangotha chaka mumayamba kuthyola. Ngati mango atalikirana mamita 10, ikani mzere umodzi pakati, mitengo italikirane mamita 3. Pakatha zaka zitatu mapapaya amakhala atatopa. Aduleni, nthawiyo mango akufuna malo.

Koma kwanuko n'kwa fodya, ndiye chenjerani: tinyongolotsi totupitsa mizu ya fodya ndi tomato timagwiranso papaya, choncho pewani munda umene munali mbewu zimenezi. Kudambo nako ayi, madzi akadikha mizu imaola. Pa mitengo yaikazi 10 siyanipo waumuna umodzi.