Alimi olipidwa chifukwa chogoneka munda

Tsekani makope kaye mumvetsere. Lero tili ku America, m'county ya Baca, kum'mwera chakum'mawa kwa Colorado, kumene alimi ena amalandira ndalama za boma chaka ndi chaka chifukwa chosalima. Musaseke, ana inu, si ulesi.

Kumeneko mvula ndi yochepa ndipo mphepo siyipuma. M'ma 1920 anthu anagalauza udzu wachilengedwe ndi mathirakitala n'kufesa tirigu. Chilala chitagwa m'ma 1930, dothi linalibenso mizu yoligwira, mphepo inangolinyamula. Pa 14 Epulo 1935 fumbi linachititsa mdima masanasana. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka, ya Soil Conservation Service, motsogozedwa ndi Hugh Bennett.

Ndondomeko yathu ya lero inadza mu 1985, nthawi ya Ronald Reagan. Dzina lake ndi Conservation Reserve Program. Mlimi amene munda wake umakokoloka amapita ku ofesi ya Farm Service Agency kwawoko n'kunena mtengo umene angaugonekere. Ofesi imaona mtundu wa dothi, kutsetsereka kwa malo, kuyandikira kwa mtsinje ndi mtengo watchulidwawo. Ikavomera, amasainirana pangano la zaka 10 mpaka 15. Mlimi amadzala udzu kapena mitengo, boma n'kumuthandiza mpaka theka la zimene wawononga podzala, kenaka limamulipira lendi chaka chilichonse molingana ndi mitengo yobwerekera minda m'deralo. Munthu mmodzi salandira zoposa madola 50,000 pachaka. Kumweta udzuwo kapena kudyetsamo ng'ombe n'kwachilolezo, makamaka chilala chikavuta.

Mu 2007 minda yogonekedwa motere m'dziko lonse la America inafika maekala 36.8 miliyoni, kuposa Malawi yense mutaphatikizamo ndi nyanja. Dothi linakhazikika, mitsinje inayerako, mbalame zakutchire zinabwerera.

Tsono nali funso la mayeso. Lamulo limati m'county imodzi asagoneke minda yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Chifukwa chiyani, pamene udzu ndi wabwino chonchi? Iwe wapawindo, taganiza. Munda wogona sugula mbewu, sugula feteleza, sugula mafuta. Wokonza mathirakitala amakhala manja lende. Nkhokwe yogula tirigu patauni imasowa cholandira. Mwini munda, amene mwina ndi wokalamba, akhoza kusamukira ku mzinda wa Denver kwa ana ake, ndalama n'kumamutsatira komweko. Mnyamata wofuna kuyamba ulimi amapeza kuti pobwereka malo akupikisana ndi boma, ndipo boma silinenerera. Anthu akachoka, sukulu imachepa ana, ndipo mphunzitsi ngati ine ayambe kumanga katundu. N'chifukwa chakenso lamulo la 2018 linatsitsa lendi ya boma kuti ikhale yocheperapo kuposa ya pamsika.

Chimene ine sichindikhutiritsa n'chakuti boma silinagule chitetezo cha nthakayi, linangobwereka. Cha m'ma 2007 mtengo wa chimanga unakwera chifukwa cha mafuta a galimoto ochokera ku chimanga, otchedwa ethanol, ndipo mbewu zina zinakwera nawo. Mapangano atatha, alimi ambiri anawerengera n'kuona kuti kulima kuli ndi phindu kuposa lendi. Maekala mamiliyoni analowanso pulawo, udzu wa zaka khumi n'kugalauzidwa m'masiku ochepa.

Tsegulani makope. Mulembe alimi atatu ongoganizira, wina mwini malo, wina wobwereka, wina wokalamba, ndipo munene amene angasaine panganoli ndi chifukwa chake. Ndichonga mawa m'mawa.