MLONDA WOSAFUNSA: PHUNZIRO LA KOMPYUTA

Pa tchuthi chapitachi ndidali ku Ndirande kwa msuweni wanga amene amaphunzira za kompyuta. Adandipatsa ntchito yolemba pulogalamu ya PHP yolowetsa munthu pa webusaiti akalemba dzina ndi mawu achinsinsi. Nditamaliza, iye adalemba dzina lopeka, malo a mawu achinsinsi n'kuwasiya opanda kanthu. Khomo lidatseguka! Ndidagwa nkhope. Kodi chidalakwika n'chiyani?

Taganizani za mlonda wa pa ofesi ina mu Victoria Avenue. Mlendo akafika, mlonda amayang'ana m'kaundula. Mayankho alipo atatu: dzina lilimo, dzina mulibe, kapena kaundula wasowa. Ine ndidaiwala yankho lachiwiri.

Kaundula wa webusaiti ndi nkhokwe ya mayina, monga MySQL. Pulogalamu ikafunsa dzina limene mulibe, nkhokweyo siona cholakwika. Imangobweza yankho lopanda mzere ndi umodzi womwe. Pulogalamu yanga idayerekeza mawu achinsinsi osalembedwa ndi mzere wosapezekawo pogwiritsa ntchito chizindikiro cha ==. Kwa PHP ziwirizi n'zofanana, choncho mlendo adalowa.

Nazi mfundo zinayi zimene ndidaphunzira:

1. Yambani mwawerenga mizere ndi mysqli_num_rows. Ikakhala 0, kanani munthuyo ndipo pulogalamu iimire pomwepo ndi exit.

2. Musasunge mawu achinsinsi momwe alili. Abiseni ndi password_hash, ndipo powayesa gwiritsani ntchito password_verify. Zida ziwirizi zidabwera ndi PHP 5.5 m'chaka cha 2013.

3. Uthenga wokanira ukhale umodzi: "Dzina kapena mawu achinsinsi n'zolakwika." Mukati "Dzinali kulibe," mwathandiza wakuba kudziwa mayina enieni, pakuti akalasa dzina loona uthengawo usintha.

4. Zimene mlendo walemba musazilowetse mwachindunji m'funso lopita ku nkhokwe, chifukwa wakuba angalembemo malamulo akeake. Konzani funsolo padera ndi mysqli_prepare.

Anzanga, kuseri kwa makomo otere kuli ndalama za makolo athu ku banki, zotsatira za mayeso ndi zinsinsi za odwala. Mawa lino ena mwa ife tidzasunga kaundula wa sukulu kapena wa chipatala. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pulogalamu nayo iyambe yafunsa kuti, "Kodi ndapezadi munthu?" isanatsegule khomo.