Amphaka osowa mwini: phunziro la njira ya kugwira, kufula ndi kubwezera

M'misika yambiri, kuseri kwa makhitchini a zipatala ndi sukulu zogonera, komanso pamalo oyanikira nsomba, mumakhala magulu a amphaka omwe alibe mwini. Masana amabisala m'ngalande ndi m'madenga, ndipo usiku amatulukira kumtaya wa zinyalala. Dandaulo likafika ku khonsolo, pempho la anthu nthawi zambiri limakhala loti amphakawo aphedwe kapena akatayidwe kutali. Koma zomwe zachitika m'mizinda ina zikuonetsa kuti gulu la amphaka limachepa pokhapokha ambiri mwa iwo akasiya kubereka, ndiponso anthu akaleka kuonjezerapo ena.

Chifukwa chake kupha sikuthetsa vuto

Mphaka wamkazi amatha kutenga bere asanakwane miyezi 6. Bere limatenga masiku pafupifupi 65, ndipo m'madera ofunda amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka, ana atatu mpaka asanu ulendo uliwonse. Ngakhale ana ambiri obadwira kunja amafa ali aang'ono, otsalawo amakwanira kuchulukitsa gulu.

Chilumba cha Marion, chomwe chili pansi pa ulamuliro wa South Africa, chimaonetsa kufulumira kwa kuswanaku. M'chaka cha 1949 anthu anapititsako amphaka 5 kuti azipha mbewa pamalo a kafukufuku wa zanyengo. Pofika 1977 amphakawo anali atakwana pafupifupi 3,400.

Chomwe chimasunga amphaka pamalo ndi chakudya ndi pobisala. Gulu likachotsedwa pomwe zinyalala zikutayidwabe pamtunda, amphaka ochokera m'madera oyandikana amalowa, ndipo omwe anazemba msampha amapeza chakudya chochuluka n'kulera ana ambiri. Posakhalitsa malowo amadzazanso. Kuthira poizoni kuli ndi ngozi yakeyake: nyambo imatha kudyedwa ndi agalu, nkhuku ngakhale ana, ndipo mitembo imaolera m'madenga ndi m'ngalande.

Momwe njirayi imayendera

Njira yomwe pa Chingerezi imafupikitsidwa kuti TNR imayamba ndi kalembera. Ogwira ntchito amawerenga amphaka a pamalo amodzi kwa masiku angapo, pa nthawi yofanana, n'kulemba maonekedwe a aliyense. Popanda chiwerengero choyambira palibe angadziwe ngati ntchito ikupindula.

Kenako amphaka amazoloweretsedwa kudya pamalo amodzi ndi nthawi imodzi. Tsiku lotchera lisanafike chakudya chimaimitsidwa kuti njala iwakokere mumsampha wa waya wooneka ngati bokosi, womwe umadzitseka mphaka akaponda kachitsulo ka mkati. Msamphawo umafundikidwa ndi nsalu kuti mphaka adekhe, ndipo sagwiridwa ndi manja.

Ntchito yachitatu ndi ya dokotala wa ziweto. Mphaka amagonetsedwa ndi mankhwala. Wamwamuna amafulidwa, wamkazi amachotsedwa ziwalo zoberekera. Pa nthawi yomweyo amabayidwa katemera wa chiwewe, ndipo nsonga ya khutu limodzi, kawirikawiri lamanzere, imadulidwa pang'ono. Chizindikirochi chimaoneka patali, motero mphaka mmodzi sagwidwa kawiri pachabe.

Akatsitsimuka, patapita tsiku limodzi kapena awiri, amabwezedwa pamalo pomwe anagwidwa. Sapititsidwa kwina chifukwa mphaka wotayidwa kumalo achilendo amasochera kapena kufa ndi njala. Ana aang'ono ndi amphaka ozolowera anthu sabwezedwa, koma amapezeredwa mabanja owasunga. Omwe akudwala mosachiritsika amagonetsedwa ndi dokotala mosamva ululu. Otsalawo amayang'aniridwa ndi munthu wosankhidwa, yemwe amanena msanga pakaoneka mlendo wa makutu athunthu.

Zomwe zinapezeka kumene njirayi inayesedwa

Pa University of Central Florida ku America ntchitoyi inayamba mu 1991. Mu 1996 panali amphaka 68, ndipo pofika 2002 anatsala 23. Pa amphaka 155 omwe analembedwa m'zaka zonsezo, pafupifupi theka anatengedwa ndi mabanja. Izi zikusonyeza kuti kufula kunayendera limodzi ndi kupezera amphaka makomo.

M'tauni ya Newburyport, m'chigawo cha Massachusetts, munali amphaka pafupifupi 300 m'mbali mwa mtsinje pomwe anthu odzipereka anayamba ntchitoyi mu 1992. Mphaka womaliza wa gululo anafa mu 2009. Ntchito inatheka, koma inatenga zaka 17.

Phunziro la mzinda wa Rome ndi lochenjeza. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo mu 1991 loletsa kupha amphaka osowa mwini, ndipo pakati pa 1991 ndi 2000 amphaka pafupifupi 8,000 anafulidwa n'kubwezedwa m'malo awo mumzindawo. Chiwerengero chinatsika ndi amphaka 16 mpaka 32 pa 100 aliwonse basi. Ofufuza anapeza kuti amphaka atsopano, makamaka otayidwa ndi eni ake, ankalowa m'magulu n'kubweza mmbuyo zambiri zomwe zinapindulidwa. Iwo anatsindika kuti popanda kuphunzitsa anthu kufula amphaka a pakhomo, ndalama ndi nthawi zimangoonongeka.

Choncho kufula amphaka awiri pano, atatu apo, sikusintha kanthu. Akatswiri amalangiza kuti pagulu limodzi pafulidwe amphaka osachepera atatu mwa anayi aliwonse, ndipo ntchito ipitirire chaka ndi chaka.

Malire a njirayi

Mphaka wofulidwa sasiya kusaka. Amaphabe mbalame, abuluzi ndi tinyama tina. Pa chilumba cha Marion amphaka ankapha mbalame za m'nyanja mazanamazana tsiku lililonse, kotero akuluakulu anasankha kuwathetsa onse, ntchito yomwe inatha mu 1991. Pafupi ndi malo osungirako nyama ndi nkhalango zotetezedwa, kubwezera amphaka si nzeru, chifukwa kuonjezera pa kupha mbalame amatha kukwerana ndi vumbwe n'kusokoneza mtundu wake. Njirayi ndi yoyenera m'misika, m'matauni ndi m'malo ena odzaza anthu.

Vuto lina ndi ndalama. Opaleshoni imafuna dokotala, mankhwala ndi zipangizo zoyera, zomwe m'maboma ambiri n'zosowa. N'chifukwa chake kuyamba ndi gulu limodzi n'kulimaliza kumaposa kumwaza ndalama zochepa m'malo ambiri.

Tanthauzo lake kwa makhonsolo a m'Malawi

Nkhaniyi ikukhudza umoyo wa anthu. Anthu ambiri amatenga chiwewe kuchokera kwa agalu, koma mphaka nayenso amatha kufalitsa matendawa poluma kapena pokanda, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka munthu sapulumuka. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre mu 2015, potsata muyeso wovomerezeka ndi World Health Organization woti agalu 70 pa 100 aliwonse abayidwe. Mfundo yake ndi yofanana ndi ya amphaka: phindu limadza pokhapokha gawo lalikulu la nyama za m'dera lafikiridwa. Ku Lilongwe, bungwe la LSPCA limafula agalu ndi amphaka ndi kuwabaya katemera, zomwe zikusonyeza kuti luso la ntchitoyi lilipo m'dziko muno.

Mbali yaikulu ya ntchito ili kale m'manja mwa khonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'dera ndi udindo wosamalira misika ndi zinyalala. Mabini otsekeka ndi kuchotsa msanga matumbo a nsomba ndi zotsalira za m'malesitilanti kumachepetsa chakudya cha amphaka ndi makoswe omwe. Makomiti a msika angathe kuchita kalembera popanda kulipira kanthu. Alangizi a ziweto, azaumoyo ndi mafumu angaphunzitse anthu kuti kutaya tiana ta mphaka kumsika ndiko kumayambitsa gulu la chaka chamawa. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe, 28 September, ndi mpata wabwino wa uthenga woterewu.

Pomwe khonsolo ikulingalira njira yoyenera, langizo lofunika kwa aliyense ndi lakuti wolumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.