Mlimi ndi Msonkho: Kodi Ndalama Yathu Imapita Kuti?

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za mbewu, tikambirane za msonkho. Tsiku lina pa msika wa Songani ndinamva bambo wina akuti, "Ine msonkho ndinasiya kalekale." Ambiri m'chigwa cha Domasi amaganiza chimodzimodzi, koma si zoona.

Kale ndi lero

Atsamunda anayambitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Wosowa ndalama ankakagwira ntchito m'minda ya azungu kuti apeze ya msonkho. Pambuyo pake panali msonkho wa mutu, womwe unatha m'zaka za m'ma 1990. Akuluakulu akukumbukira mmene amuna ankathawira kutchire akamva kuti amesenjala afika. Msonkhowo unali woipa chifukwa sunkayang'ana zimene munthu wapeza.

Lero mlimi amakhomabe msonkho, kungoti mwakachetechete. Mayi wogulitsa tomato amadula tikiti ya khonsolo pamsika. Pogula malata kapena mabatire, mumtengo mumakhala VAT, yomwe inalowa m'malo mwa surtax mu 2005 ndipo imatoleredwa ndi bungwe la MRA. Pamtengo wa petulo ndi dizilo pali gawo lokonzera misewu, choncho mukakweza matumba a mpunga pa galimoto kupita ku Zomba, mwakhoma kale.

Msonkho ukhale wokwanira

Boma lilibe munda. Malipiro a mlangizi, mankhwala a kuchipatala, mlatho, ndi ntchito ya kafukufuku wa nsomba za m'maiwe pa Domasi zimadalira msonkho kapena thandizo lakunja. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana anadzaza m'sukulu koma zipinda ndi aphunzitsi zinachepa. Phunziro lake ndi lakuti lonjezo lopanda ndalama silikwaniritsidwa. Thandizo lakunja nalo limatha kuima, monga zinachitikira mu 2013 ndalama za boma zitabedwa pa nkhani ya Cashgate.

Mu 2003 ku Maputo, atsogoleri a mu Africa anagwirizana kuti K10 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku ulimi. Kwathu kuno gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likuthera pa feteleza wotsika mtengo. Fetelezayo ndi wofunika, koma popanda mlangizi ndi msewu wabwino phindu lake limachepa.

Msonkho ukhale wachilungamo

Tiyerekeze chonchi. Mayi wabwera ndi tomato wa K5,000, venda wabwera ndi katundu wa K200,000, onse adula tikiti ya K200. Mayiyo wapereka K4 pa K100 iliyonse, pamene vendayo wapereka 10 tambala yokha. Tikiti ndi yofanana, koma katundu walemera kwa wosauka. VAT nayo imatero, chifukwa wosauka amagwiritsa ntchito ndalama yonse imene wapeza. Chilungamo ndi chakuti wopeza zambiri apereke zambiri, ndipo amene akhoma aone chimbudzi, madzi ndi shedi pamsika pawo.

Tichite chiyani?

Choyamba, musapereke ndalama yamsika popanda kulandira tikiti. Ndalama yopanda tikiti siifika kukhonsolo.

Chachiwiri, wogula mbewu akakudulani msonkho, pemphani chikalata chosonyeza ndalama yomwe wadula, ndipo muchisunge.

Chachitatu, lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yotolera ndalama ndi kuyendetsa chitukuko. Kudzera m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, funsani khansala wanu kuti msika wanu umatolera zingati pamwezi ndipo zagwira ntchito yanji. Pitani ngati kalabu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kuzemba msonkho sikumanga mlatho, kukhala chete nakonso sikuumanga. Mvula ikadula msewu, tomato amaolera m'dengu la mlimi, osati la wina. Sabata yamawa tidzakambirana za kasungidwe ka mpunga.