Duwa la mawanga a kambuku: kalimidwe ndi kasamalidwe kake

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, udzu umakhala utauma ndipo maluwa ambiri a pakhomo amakhala atafota. Koma pali duwa lina la kwathu konkuno lomwe limayamba kumasula nyengo yozizira yomweyi, n'kumapitiriza mpaka chilimwe chitayamba. Dzina lake la sayansi ndi Ansellia africana. Maluwa ake ndi achikasu, a mawanga ofiirira ngati chikopa cha kambuku, ndipo amatulutsa kafungo kokoma.

Duwali lili m'banja la zomera zotchedwa orchid. Muno m'Malawi muli mitundu yoposa 400 ya banjali, ndipo yambiri imapezeka ku Nyika. Chikanda chomwe ena amadya chimapangidwa kuchokera ku timizu ta abale ake omera pansi. Vanila wothira m'makeke nayenso ndi wa banja lomweli. Dzina loti Ansellia linaperekedwa ndi John Lindley mu 1844 polemekeza John Ansell, yemwe anatola chomerachi pa chilumba cha Fernando Po, chomwe lero ndi Bioko.

Phunziro lathu lagona pa mfundo imodzi: duwali silimera m'dothi. Kutchire limakhala pa mphanda za mitengo ikuluikulu. Siliyamwa mtengowo, limangokhalapo kuti lipeze kuwala ndi mpweya. Lili ndi mizu ya mitundu iwiri. Ina imakakamira khungwa, pomwe ina, yoyera ndi yopyapyala, imaloza m'mwamba n'kupanga ngati dengu. Masamba ogwa amakodwa m'denguli, amaola, n'kukhala chakudya chake. Mapesi ake, ooneka ngati nzimbe zazing'ono, amasunga madzi a nthawi ya chilala. Choncho amene angalibzale m'dothi n'kumalithirira ngati dimba la tomato, aoletsa mizu yonse.

Mbewu muipeza kuti? Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda thandizo la tinthu tina ta mtundu wa bowa. Njira yapafupi ndi kugawa phata. Pemphani kwa munthu yemwe akulima kale, osati kukazula kutchire. Bungwe la IUCN linaika duwali m'gulu la zomera zomwe zili pachiopsezo, chifukwa anthu akulizula kwambiri ndiponso akudula mitengo yomwe limakhalapo. Phata lalikulu la mumtengo limatenga zaka zambiri kuti lifike pamenepo.

Pogawa, dikirani nthawi yomwe mphukira ndi mizu yatsopano zayamba kutuluka. Wambani mpeni pamoto kuti musafalitse matenda, kenaka dulani chigawo chokhala ndi mapesi osachepera atatu. Chimangirireni zolimba pa mphanda ya mtengo wa khungwa lokhakhala, pogwiritsa ntchito nsanza za chitenje. Chikamagwedezeka ndi mphepo, mizu siigwira. Ngati mulibe mtengo, tengani mphika woboola kunsi ndi m'mbali, mudzazemo zidutswa za makungwa, makala ndi njerwa zoswa. Mapesi akhale pamwamba, osawakwirira.

Duwali limakonda kuwala kwambiri. Dzuwa la m'mawa ndi labwino, koma masana likhale pa mthunzi wopepuka. Masamba akuuzani okha: akabiriwira kwambiri ndiye kuti kuwala kwachepa ndipo maluwa sabwera, akachita zigamba zakuda zouma ndiye kuti apsa ndi dzuwa. Obiriwira motuwirako ndiwo abwino.

Kathiriridwe katsatire nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, pomwe mapesi atsopano akukula, thirirani mokwanira mvula ikadukiza, koma mizu iyambe yauma musanathirirenso. Nthawi yomweyi thirani feteleza wosungunula m'madzi kamodzi pa masabata awiri, gawo limodzi mwa magawo anayi a muyeso wolembedwa pa paketi. Kuyambira Meyi, siyani feteleza ndipo chepetsani madzi. Thirirani pang'ono pokhapokha mapesi akayamba kukwinyika. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Amaona ngati chomeracho chikuvutika, n'kumachithirira tsiku ndi tsiku, pomwe kuuma kumeneku ndi komwe kumathandiza kuti chimasule. Mukaona tizilombo toyera tokakamira kunsi kwa masamba, pukutani ndi kansalu konyika m'madzi a sopo.

Musataye mtima maluwa akapanda kuoneka chaka choyamba. Chigawo chatsopano chimayamba chamanga mizu, ndipo chingatenge zaka ziwiri kapena zitatu chisanamasule. Chikakhazikika, phesi limodzi limatulutsa maluwa ambirimbiri omwe amakhala masabata angapo.

Makolo ndi akomiti, mtengo wa pakhomo kapena wa pabwalo la sukulu ungakhale malo abwino a duwali, bola pakhale lonjezo loti sudulidwa. Ophunzira, nayi ntchito yanu. Jambulani mizu iwiri ija m'kope mwanu ndipo lembani ntchito ya uliwonse. Kenaka fotokozani m'ziganizo zisanu chifukwa chomwe timachepetsera madzi mu Meyi. Pomaliza, yendani pabwalo la sukulu, musankhe mtengo umodzi woyenera, ndipo mukauze aphunzitsi anu a Agriculture zifukwa zomwe mwausankhira.