KALALIKI WOSAIWALA WA KU CIPATALA CA ZIWETO

Alimi anzathu, phunziro la lero ndi la kasungidwe ka mbiri ya ziweto. Kale dotolo wa ziweto anali kulemba zonse m'mabuku ndi pa makadi. Buku likanyowa, kapena likadyedwa ndi ciswe, mbiri ya ng'ombe inali kutayika pomwepo. Masiku ano zipatala zambiri za ziweto, makamaka za m'matauni, zilemba m'kompyuta. M'makinamo aikamo pulogalamu, ndiwo malangizo ouza makina zocita, ndipo pulogalamuyo igwira nchito ya kalaliki. Nchito zake zazikulu ndi zinai.

1. Isunga mbiri ya ciweto ciliconse. Ilemba dzina la mwini, mudzi wake ndi nambala ya foni. Ndiponso mtundu wa ciweto, msinkhu wake, kulemera kwake ndi nambala ya pa khutu. Agalu ena aikidwa pansi pa khungu kacipangizo konga njere ya mpunga, kokhala ndi manambala 15. Dotolo akasamuka, wolowa m'malo mwake apeza zonse zili cilembere.

2. Ikumbutsa masiku. Kagalu kalandira katemera wa ciwewe kali ndi miyezi 3, ndipo katemerayo afunika kubwereza. Ng'ombe ikhala ndi bere masiku ngati 283, mbuzi masiku ngati 150. Akalemba tsiku limene inakweredwa, makina awerengera nthawi yobala. Tsiku la katemera likayandikira, atumiza uthenga pa foni ya mwini.

3. Iwerenga mankhwala. Isonyeza mabotolo otsala, ndi tsiku limene mphamvu ya mankhwala idzatha. Motero ciweto canu sicilasidwa mankhwala otha mphamvu.

4. Ilemba ndalama. Zimene mwalipira ndi zimene zatsala zioneka pa lisiti, ndipo palibe kukangana.

Kodi zimenezi zithandiza bwanji mlimi? Taonani za cigodola, nthenda imene ibwera ndi nkhupakupa za m'makutu, nipha ana a ng'ombe ambiri ku Cigawo ca Kum'mawa. Katemera wake, amene kum'mawaku acokera ku mtundu wa kacilombo wochedwa Katete, aperekedwa kamodzi pamodzi ndi nyeleti ya oxytetracycline, ndipo mwana wa ng'ombe aikidwa nambala pa khutu. Ng'ombeyo ikadwala pambuyo pake, dotolo ayang'ana nambala ija, nadziwa msanga kuti inatemeredwa liti. Ici cimthandiza kuganizira bwino nthenda imene yaigwira.

Cina ndi ici. Ng'ombe ikalasidwa mankhwala ena, pali masiku oikika amene mkaka wake suyenera kumwedwa, ndipo nyama yake siyenera kudyedwa. Masikuwo alembedwa pa botolo, ndipo asiyana malinga ndi mankhwala. Mbiri yolembedwa bwino isonyeza tsiku limene masikuwo atha, ndipo ana anu sakumwa mankhwala a ng'ombe pamodzi ndi phala.

Koma dziwani ici: makina adziwa zokhazo zimene auzidwa. Saona khola lanu. Mukanena zolakwa, asunga zolakwazo mokhulupirika. Cifukwa cace citani izi:

(a) Nenani zoona. Ngati munalasa kale ciweto mankhwala ogula kumsika, musabise. Tengani botolo lake kuti dotolo alione.

(b) Nambala ya pa khutu ikagwa, kaneneni msanga.

(c) Mukasintha nambala ya foni, kauzeni a ku cipatala, kuti uthenga usasokere.

(d) Mukagula, kugulitsa kapena kutaya ciweto, kalembetseni. Kumbukani kuti kusamutsa ng'ombe kufuna kalata ya cilolezo ya a Boma oona za ziweto.

(e) Pemphani kuti akuwerengereni zimene alemba. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kumene kulibe kompyuta, buku la pepala ligwira nchito yomweyo. Gulani kabuku ka sukulu, ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake. Lembani tsiku lobadwa, la katemera, la dipi ndi la mankhwala onse. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akuthandizeni. Kabukuko mukasunge pouma, ndipo mukatenge nthawi zonse pamene mupita kwa dotolo kapena kwa mlangizi wa ziweto.