Magetsi ndi Minofu Yopuwala: Mafunso ndi Mayankho

Kodi thupi limasintha bwanji mtsempha wa msana ukavulala?

Popeza mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana ndiwo umanyamula malamulo a ubongo kunka nawo ku ziwalo, ukaduka kapena kuphwanyika pa ngozi, minofu ya kunsi kwa bala imaleka kumva kuitana, ndipo pasanapite miyezi iwiri imakhala itayamba kale kufota, mafuta nalowa m'malo mwake, ena pakati pa minofu yomweyo, ena kuzinga ziwalo za m'mimba. Mafupa nawonso, posowa katundu woti asenze, amafooka, makamaka mozungulira bondo.

Nanga sikelo ikapanda kusintha, si ndiye kuti zonse zili bwino?

Iyayi ndithu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Sikelo imangonena kulemera, siisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Tsono munthu angaoneke wochepa thupi pa njinga yake ya olumala chikhalirecho mafuta am'chulukira, ndipo poti minofu ndiyo imadya shuga wambiri wa m'magazi, kufota kwake kumaitana matenda a shuga ndi a mtima. N'chifukwa chake ofufuza amayeza ndi makina ojambula m'thupi otchedwa DXA kapena MRI.

Magetsi amathandiza motani?

Kuyambira pamene Luigi Galvani wa ku Bologna analengeza mu 1791 kuti mwendo wa chule wakufa umagwedezeka ukakhudzidwa ndi magetsi, anzeru akhala akudziwa kuti mnofu umamvera mphamvu imeneyi. Lero amamata tizigamba pakhungu la ntchafu, kamakina kamatumiza magetsi ochepa modukizadukiza, mitsempha yotsala kunsi kwa bala imadzidzimuka, mnofu nkukungika, ndipo mwendo umene mwini wake sangausunthe umawongoka pabondo, kunyamula kathumba kolemera komangidwa pakakolo. Palinso njinga zopalasa pamalo amodzi, zimene Jerrold Petrofsky anathandiza kukonza ku Ohio m'zaka za m'ma 1980, pomwe kompyuta imadzutsa minofu ya ntchafu ndi matako motsatana.

Phindu lake ndi lotani?

Mu 2005 ofufuza a ku Georgia, m'dziko la America, analengeza za amuna asanu opuwala miyendo amene, atanyamula kathumba kapakakolo mothandizidwa ndi magetsi kawiri pa sabata kwa masabata 12 ndi kuonjezera kulemera pang'onopang'ono, minofu yawo ya kutsogolo kwa ntchafu inakula ndi magawo 35 mpaka 39 pa 100 alionse. Ashraf Gorgey wa ku Richmond anapezanso kuti, magetsi akaphatikizidwa ndi kudya mosamala, mafuta a pakati pa minofu amachepa. Komabe phindu limaonekera kwambiri pa minofu yophunzitsidwayo. Mafupa amachedwa kuyankha, ndipo wolekeza panjira adzaona minofu ikufotanso.

Kodi aliyense wovulala angayese?

Si onse ayi. Bala likakhala kunsi kwenikweni kwa msana, kumene mitsempha yopita ku minofu imafa, magetsi wamba sautsa kanthu. Odwala otere amafuna makina apadera onga amene Helmut Kern anayesa ku Vienna. Amene bala lawo lili pa fupa la msana lotchedwa T6 kapena pamwamba pake, magazi angawathamange modzidzimutsa, mutu nkuwawa, thukuta lili kamukamu, ndipo imeneyo ndi ngozi yofuna kuzimitsa makina nthawi yomweyo. Fupa lofooka lingathyoke, khungu losamva ululu lingapse mwini wake osadziwa, ndipo amene anaikidwa kachipangizo koyendetsa mtima ayenera kuuza dokotala poyamba.

Kodi magetsiwa amalumikiza mtsempha woduka?

Salumikiza, ndipo wokulonjezani zimenezo akukunyengani. Ntchito yawo ndiyo kusunga mnofu, kuyendetsa bwino magazi ndi kupeputsa katundu wa matenda obwera pambuyo, imene si mphatso yaing'ono kwa munthu amene adzakhala pa njinga zaka zambiri. Tsono inu osamalira wodwala, kumbukirani kuti safunsa anadya phula: musagule kamakina kotere, kapena kukamata pathupi la mbale wanu, musanaonane ndi dokotala wolimbitsa ziwalo.